Paipi Yokhota ya kwa Nampinga

Chimene chinadabwitsa Stewart, pulambala wa ku Chilomoni, sichinali fungo, pakuti fungo analizolowera. Chinali chakuti paipi ya kuchimbudzi kwa Bambo Ellard Nampinga inali yokhota. Kuchokera pakhoma la nyumba kukafika pa sepitiki panali pafupi, malo osalala, opanda mwala kapena chitsa. Koma atalowetsa waya wotsegulira, wayayo anayenda pang'ono n'kupatukira kumanzere, kuzungulira kabwalo ka dothi lopanda kanthu, kenaka n'kubwereranso mumzere.

"Madala, amene anayala paipi iyi anali ataledzera kapena?" anafunsa Stewart.

"Pakhomo pano sipanagwirepo ntchito munthu woledzera," anayankha Bambo Nampinga. "Inayalidwa ine ndili ku Mzuzu pa ntchito. Anayang'anira ndi malemu mayi akunyumba."

Stewart anavula kapusi, n'kuivalanso.

Bambo Nampinga anali kalaliki wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Mpanda wa maluwa ankaudula atakoka chingwe. Mkazi wawo Janet anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo m'banjamo munalibe mwana. M'nyumba ya zipinda zinayi ankakhalamo okha, akudya pa nthawi yake, akuzimitsa nyale pa nthawi yake, popanda wowaona.

Stewart anakumba kadzenje pamene paipi inakhotera, napeza kuti yang'aluka. Inali yadothi, yakalekale.

"Njira ndi ziwiri, madala. Tikhoza kudula chidutswa choswekachi n'kuika china. Koma kona ndi kona, zinthu zimaima pamenepo. Pakatha zaka ziwiri mudzandiitananso. Kapena tiisiye yonseyi, tikumbe ngalande yatsopano, tiyale yapulasitiki yowongoka ngati rula. Imeneyo ndiye mpaka Yesu adzabwere."

"Dzina limenelo musamalitchule pa nkhani za kuchimbudzi."

"Pepani, madala."

Mtima wa Bambo Nampinga unali kale pa yowongoka, koma sanali munthu wogamula nkhani tsiku lomwelo. Anauza Stewart kuti abwere Lolemba. Madzulo ake anakhoma zikhomo ziwiri, china pakhoma, china pa sepitiki, n'kukoka chingwe pakati pake kuti aone mmene mzerewo udzayendere. Chingwecho chinadutsa pakatikati pa kabwalo ka dothi kaja.

Usiku umenewo magetsi anali atazima. Agalu a kumtunda, cha ku Michiru, anauwa kwa kanthawi n'kuleka, ndipo mawailesi a kwa anansi anatha imodzi imodzi. Ndipamene Bambo Nampinga anamva kaphokoso kochokera kubafa. Poyamba kanali ngati madzi akumezedwa pakhosi la botolo. Kenaka kanatalika, kanaonda, kanakwera pang'ono n'kuduka, ngati chinthu chimene chikukoka mpweya kuti chiyambirenso. Anagona chagada akumvetsera. Anakumbukira kuti m'mipope munalibe madzi chiyambire Lachiwiri, ndipo iwo anali kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba chakuseri. M'paipi imeneyo simunadutse kanthu masiku atatu.

Anayatsa tochi napita kubafa. Zonse zinali m'malo mwake: sopo, chidebe, thaulo limodzi pa msomali wa anthu awiri. Kaphokosoko kanaleka iwo atangotsegula chitseko.

Kutacha anapeza zikhomo zazulidwa. Sizinatayidwe ayi. Zinali zitagonekedwa pamodzi pakhonde, chingwe chitakulungidwa bwinobwino pambali pake.

Anaimbira Stewart foni, ndipo Stewart anaseka. "Ndi mpweya umenewo, madala. Sepitiki imapuma. Mpweya ukamatuluka pa mng'alu umaimba ngati wezulo. Za zikhomozo, ana a m'dera muno mukuwadziwa."

"Ana a m'dera muno sakulunga chingwe."

Anakhomanso zikhomozo, mozamitsa.

Usiku wachiwiri kulirako kunayamba msanga ndipo kunakhalitsa. Tsopano sakanathanso kukutcha phokoso. Kunali kulira, kofooka, kopanda mkwiyo, kwa chinthu chimene chalira nthawi yaitali osayankhidwa. Kunkamveka kubafa, koma ataima pazenera anazindikira kuti kukuchokera panja, pa kadzenje ka Stewart, ndipo paipi inkangokubweretsa m'nyumba. Anatsegula Baibulo, koma maso awo ankangoyenda pa mizere osagwira mawu. M'mawa zikhomo zinalinso pakhonde.

Nkhani siichedwa ku Chilomoni. Pofika Loweruka amayi a pa kiyosiki ya madzi anali akunong'onezana kuti mkulu wa mpingo uja amasunga ndondocha m'sepitiki, ndipo kuti yayamba kulira njala chifukwa amene ankaipatsa chakudya anamwalira. Ena ankati n'chifukwa chake m'nyumbamo simunabadwe mwana. Anthu amene sanalowepo pakhomo pa munthu ndi amene amadziwa zambiri za m'nyumba mwake. Lamulungu kutchalitchi, benchi imene Bambo Nampinga anakhalapo inali ndi malo ambiri.

Usiku wa Lamulungu sanagone. Anavala jekete, anatenga mpando, nakhala mumdima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini atachisiya pang'ono. Kulira kunabwera, kunapita. Mphepo yozizira inkatsika kuphiri n'kumagwedeza malata a chimbudzi chokumba. Tambala woyamba asanalire, anamva mpanda wa maluwa ukuphwanyuka pang'onopang'ono. Munthu wamfupi, wofunda nsalu kumutu, analowa chowerama, anagwada movutikira pa chikhomo choyamba, nayamba kuchigwedeza ndi manja awiri.

Bambo Nampinga anamuunika.

Anali mayi Zeinabu, mnansi wawo kwa zaka makumi anayi, mayi wamasiye wa Chisilamu amene kale ankagulitsa nsalu ku Limbe. Sanathawe. Anangotchinga maso ndi dzanja.

"Zimitsani, Che Nampinga. Mukufuna Chilomoni yense adzuke?"

Anazimitsa. "Mayi, pa msinkhu wanu, kudumpha mpanda wa eni usiku?"

"Sindinadumphe, ndinapyola. Mawondo odumphira ndinawasiya ku Limbe." Anapumira m'mwamba. "Musakumbe apa."

"Pabwalo panga?"

"Pabwalo panu, koma musakumbe."

"Mundiuze chifukwa, apo ayi mawa nkhaniyi ikafika kwa amfumu."

Mayi Zeinabu anakhala pansi, pa dothi lozizira, n'kuloza pambali pawo. Mkulu wa mpingoyo anazengereza, kenaka anakhala pa chidebe chovundikira.

"Chaka chija cha mvula yambiri, inu muli ku msonkhano wa mpingo ku Mulanje, Janet ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Mukukumbukira?"

"Ndinauzidwa kuti zinalephereka."

"Munauzidwa, ndipo munati chifuniro cha Mulungu, n'kupita kukasita malaya. Simunafunse china." Mawu awo anali otsika, osakalipa. "Mwana anabadwa usiku, m'chipinda chanu chomwecho, ali chete. Nthayo. Mukudziwa mwambo wake: amaika ndi amayi okhaokha, salira maliro, bambo sauzidwa malo. Tinali atatu, ine, amayi awo a Janet, ndi azamba aja anamwalira. Timati tipite naye kumanda mbandakucha, koma mtsinje unali utadzaza. Ndipo Janet anandigwira mwendo. Anati musapite naye kutali, kukuzizira."

Bambo Nampinga anayang'ana chingwe chawo, choyera mumdima, chowongoka.

"Apa?"

"Pansi pa chingwe chanu. Nthayo saikumbira mozama, amati mukazamitsa mayi sadzaberekanso. Koma ife tinaopa agalu, tinazamitsa." Anasisita dothi ndi dzanja. "Janet sanatengenso pathupi. Ine ndinagwira khasu usiku umenewo, Che Nampinga. Ndakhala nazo zaka zonsezi."

"Ndiye paipi ija..."

"Janet anaimirira pamenepa tsiku lonse, dzuwa lili phwee, mpaka amisiri anakhotetsa. Anawauza kuti akufuna kudzadzalapo maluwa. Sanadzalepo, ankaopa mizu."

"Bwanji sanandiuze?"

"Mukanatani? Mukanati n'zachikunja, mukanaitana abusa ndi a boma kuti zichitike mwadongosolo. Ananena yekha: bambo ake akadziwa adzamusamutsa."

Bambo Nampinga sanatsutse. Kenaka anafunsa, "Anali mwamuna kapena mkazi?"

"Zimenezo sitinena."

"Onse amene mukuwaopa anapita, mayi."

"N'chifukwa chake sindinena. Ndatsala ndekha wosunga."

"Nanga kuliraku? Ndi inunso?"

Mayi Zeinabu anakokera nsalu yawo kumaso. "Ine ndazula zikhomo basi. Kulirako inu mwayamba kukumva sabata ino chifukwa paipi yoswekayo yalowetsa mawu m'nyumba. Ine zenera langa lili apo. Ndinayamba kukumva sabata imene tinaika Janet. Ali moyo ankatuluka usiku kudzakhala pano, inu mukuti akupemphera."

Anadzuka pogwira bondo, napyolanso mpanda uja osatsanzika.

Lolemba Stewart anabwera ndi piki, fosholo ndi mapaipi apulasitiki atamangirira pa njinga. Anapeza zikhomo palibe.

"Mukonze pa kona pokhapo," anatero Bambo Nampinga. "Ndipo piki yanu isapitirire apa." Analemba mzere pansi ndi ndodo.

"Madala, mukutaya mwayi. Inuyo munthu wokonda zowongoka..."

"Mudzabweranso pakatha zaka ziwiri. Ndikadzakhala kulibe, mudzauze amene adzakhale m'nyumba muno kuti paipi iyi siiwongoledwa."

Stewart anagwira ntchito yake bwino. Anadula chidutswa chosweka, analumikiza china, anamata simenti yokhuthala kuzungulira mfundo zonse ziwiri, nati dzenjelo lisakwiriridwe mpaka simenti itauma. "Wezulo wanu uja watha, madala. Lero mugona ngati mwana." Bambo Nampinga anamulipira.

Ndipo kunalidi zii. Usiku woyamba anagona chagada kudikira, osamva kanthu koma wotchi ya pabalaza. Usiku wachiwiri anasiya chitseko cha kubafa chotsegula. Madzi anabwera, chimbudzi chinagwira ntchito, anansi anayambanso kuwapatsa moni. Koma nyumbayo inali itakula. Ankayenda m'zipinda zinayi zija akumva mapazi awo okha, ndipo anazindikira kuti pa chaka chonse chimene chinapita, masiku anayi aja ndi okhawo amene munali wina wowafuna m'nyumbamo. Iwo anali ataitana mmisiri kudzamutseka pakamwa.

Usiku wachitatu anatsegula bokosi la zida natenga hamala ndi tchizulo. M'moyo wawo wonse anali asanaswepo dala chinthu chabwinobwino. Anatuluka opanda nsapato, natsikira m'kadzenje kaja mogwira m'mbali, nayatsa tochi kuti aone pomenya.

Simenti inali itang'aluka kale. Mng'aluwo unali woonda ngati ulusi, ndipo tizidutswa take tinali titagwera kunja, mbali ya kabwalo ka dothi.

Anaika hamala pansi. Anazimitsa tochi. Mumdimamo kulira kunayamba, pafupi kwambiri, cha m'mawondo awo, kofooka monga kale. Bambo Nampinga anagwada m'matope ndi thalauzi lawo losita, nayika chikhatho pa khoma la dzenjelo. Dothilo linali lofunda.

"Tonthola," anatero monong'ona, mawu amene anali asanauzepo munthu. "Amako kulibe. Ndine bambo ako."

Kulirako kunaleka pakatikati. Sikunathe pang'onopang'ono monga umathera mpweya m'paipi. Kunaduka mwadzidzidzi, monga amachitira mwana akamva mawu achilendo, n'kukhala chete kuti amvetsere ngati alankhulanso.