Nthenga Yoyera Yabwerera Mwini Wake

Msonkhano wokonzekera chipilala cha asilikali unatha mochedwa, ndipo Winnifred Pardoe anatuluka m'tchalitchi anzake onse atapita. M'thumba mwake munali pepala la mayina a asilikali ofera kunkhondo, amene anamusankha kukawawerenga mokweza Lamlungu. Anamupatsa ndi mayi Tibbits, gogo wofatsa amene ankathira tiyi. Pepalalo anali asanalitsegule. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri chithere nkhondo ya ku Ulaya, koma iye mayina ankawazembabe.

Nkhondo ili mkati, atsikana a m'tauni yawo ku Ontario ankapatsa nthenga yoyera mwamuna aliyense wosavala yunifolomu ya usilikali, kumuuza kuti ndi wamantha. Winnifred anagawa zambiri pasiteshoni. Nkhope sankaziyang'ana.

Usiku wa msonkhanowo, atayandikira mlatho wamatabwa anamva wina akutsokomola. Anaima. Kunali zii. Anayambanso kuyenda... chifuwa chija chinamvekanso, pafupi!

Pakati pa mlatho panaima mwamuna wowonda, wovala jekete lopyapyala ngati si nyengo yozizira. Anavula chipewa.

"Pepani achemwali, ndakusungirani kanthu kanu."

"Sindikukudziwani, bambo."

"Ngakhale tsiku lija simunandidziwe," anatero modekha. "Munandisomeka nthenga pachifuwa n'kunena kuti, 'Tambala wanji wobisala m'khola?' Anzanu anaseka. Munali ndi mawu abwino."

Mwamunayo anapitiriza.

"Dokotala wa asilikali anali atandibweza kawiri chifukwa cha chifuwachi. Kachitatu ndinadzigwira, sindinatsokomole. Ananditenga."

"Ndinali mwana... tonse tinkatero..."

"Sindikukuimbani mlandu. Ndine Lorne. Lamlungu musadzathamange ponditchula. Amayi makutu anayamba kuwavuta."

Anamuika kanthu m'dzanja. Zala zake zinali zozizira ngati chitsulo. Winnifred anayang'ana pansi. Pachipale chofewa panali mapazi a munthu mmodzi. Ake okha!

Atadzutsa mutu... palibe munthu.

Sanathamange. Manyazi anamulemera kuposa mantha. Atafika kunyumba anayatsa nyali n'kufumbatula dzanja. Munali nthenga yothyoka pakati, yodetsedwa ndi matope ouma.

Kenaka anatsegula pepala lija. Dzina lachisanu ndi chinayi linalembedwa ndi dzanja la gogo uja amene madzulo omwewo anamufunsa ngati tiyi wakwana shuga.

Lorne Tibbits. Anafera ku France, 1917.