Makontena a Azakhali a Meche

Azakhali a Meche sankapita kuphwando opanda makontena. M'chikwama chawo chachikulu munkakhala makontena anayi kapena asanu a pulasitiki, aja otsala yogati kapena kirimu akatha, otsukidwa bwino, zivundikiro zake zomangidwa pamodzi ndi mphira. Aliyense amadziwa kuti mlendo sachoka paphwando osapatsidwa itacate, kachakudya koti akadye kunyumba. Koma azakhaliwa sankadikira kupatsidwa. Ankadzipakulira okha, ndipo ankatenga chokhacho chimene chawakomera. Mbale imene aidutsa osaiyang'ana, mwini wake ankayenda chozyolika mpaka Khirisimasi.

Yareli anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo chiyambire kuphika, chakudya chake chinali chisanalowepo m'makontena amenewo. Izi zinkamudya mumtima, ngakhale sankauza munthu.

Mwayi unabwera ndi ubatizo wa kamwana ka achimwene ake. Phwando linali loti lichitikire pabwalo pawo ku Tehuacán, Lamlungu masana. Mwa oitanidwa munali amalume a Fidencio, mlongo wa amayi ake, amenenso anali amuna a azakhali a Meche. Amalumewa anali ndi timiyala m'ndulu, ndipo adokotala anawaletsa chilichonse chamafuta kufikira tsiku la opaleshoni. Miyezi iwiri anali akudya nkhuku yowiritsa ndi masamba, munthu amene ankakonda chimanga chachiwisi chophikidwa mu uvuni ndi tchizi, chija chotapa ndi tizidutswa ta tortilla, mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga, mpaka kunyambita supuni.

Yareli anawaimbira foni Lachinayi.

"Amalume, ndikuphikirani chimanga chanu chija, koma chopanda mafuta. Tinaphunzira kusukulu. Palibe kirimu, palibe mayonezi. Yogati basi, ndi tchizi ya panela pang'ono."

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ukachita zimenezo, njinga yanga ija ndi yako ine ndikafa!"

Chapatali pafoniyo panamveka mawu a azakhali. "Chakudya cha m'buku chimenecho? Tidzachiona."

Lamlungu m'mawa onse anapita kutchalitchi, Yareli n'kutsala kuti aphike. Pepala la kusukulu linali pathebulo, ndipo linkanena momveka: yogati ikhale pansalu yoyera maola awiri kuti madzi ake akhe, theka la chimanga ligayidwe kuti chakudya chigwirane, moto wa uvuni ukhale wochepa. Koma maola awiriwo Yareli anali atawathera pa tsitsi ndi kusita diresi. Anakhuthulira yogati m'mbale momwe inabwerera, nathira chimanga chosagaya, n'kukweza moto kuti zifulumire.

Atatsegula uvuni anangoti kakasi. Pamwamba panali madzi achikasu. Yogati inali itadukaduka ngati mkaka wowonongeka, chimanga chitamira pansi. Analawa. Chinali chowawasa, chozizira pakati. M'maganizo mwake anaona mphuno ya azakhali ikununkhiza mbaleyo, kenako nsana wawo ukudutsa.

Anayang'ana wotchi. Misa inali itatsala ndi mphindi makumi anayi.

Anakhuthulira zonse kwa nkhuku kuseri, n'kuthamangira kugolosale ya pangodya. Anabwerako ndi makontena awiri a kirimu, botolo la mayonezi, batala, ndi tchizi yachikasu yosungunuka ija. Ulendo uno panalibe chovuta. Mbale inatuluka yofiirira m'mbali, ikubwata, fungo lili gu mpaka kumsewu. Anawaza tsabola wogaya, nafinyira ndimu, ndipo pamwamba anamwaza panela pang'ono kuti chioneke choyera. Botolo ndi mapepala anaziponya m'bini ya aneba. Makontena anawatsuka, n'kuwabisa kuseri kwa silinda ya gasi.

"Adya pang'ono chabe," anadziuza yekha. "Kamodzi sikapha munthu."

Pofika masana bwalo linali litadzaza. Wailesi inkalira, ana akuthamangitsana pakati pa mipando, azimayi akugawa mpunga ndi mole, nkhuku ya mumsuzi wa tsabola. Amalume a Fidencio anakhala kumapeto kwa thebulo ndi kambale kawo ka nyama yotuwa, lamba atamuboola mabowo awiri atsopano. Yareli anaika mbale yake patsogolo pawo.

"N'changa chija?"

"N'chanu chija, amalume."

Anatapa ndi tortilla youmitsa pachiwaya, natafuna atatsinzina. "Mayo ine!" Anatembenukira kwa amayi a Yareli. "Consuelo, mwana wakoyu ndi mfiti. Meche, talawa, uchite manyazi."

Azakhali anakoka mbale, nanunkhiza, nalawa kunsonga kwa supuni. Anthu a pafupi anasiya kucheza.

"Mulibe kirimu m'menemu?"

"Mulibe, azakhali."

"Batala?"

"Ngakhale kadontho."

Analawanso, ulendo uno supuni yodzaza. "Ndiye kuti sukulu ili ndi ntchito," anatero, ndipo anamenya dzanja la msuweni wina amene ankafuna kutapa. "Choka iwe, nyama ili apo! Ichi n'cha wodwala." Amalume anawalola masupuni atatu okha. Chotsalacho anati akadya kunyumba pang'onopang'ono.

Amayi ake a Yareli anamutsina patsaya monyadira. Yareli anamwetulira, koma anakankhira mbale yake ya mpunga pambali.

Dzuwa litapendeka azakhali anatsegula chikwama chawo. Makontena anayi anadzaza ndi mole, mpunga, nyemba ndi keke, chimanga chisanapeze malo. Analowa kukhitchini akung'ung'udza, ndipo posakhalitsa anafuula.

"Ndani akubisa makontena abwinobwino kuseri kwa gasi?"

Yareli anathamangira komweko. Azakhali anali atanyamula makontena awiri aja, akuwatembenuza. Chithunzi cha ng'ombe chinali poyera, ndi mawu akuti kirimu.

"Ndi atsopanotu awa. A ndani?"

Yareli anayang'ana makontenawo. Akanatha kunena pomwepo. M'khitchinimo anali awiriwiri.

"Anatipatsa aneba, azakhali. Opanda kanthu."

"Aneba abwino. Gwira apa."

Ndipo Yareli anagwira kontena la kirimu, azakhali akupakuliramo chimanga mpaka kukanda pansi pa mbale. Ndi iye yemwe ananyamula chikwamacho kuwaperekeza pokwerera basi ya kwawo ku Ajalpan. Amalume anamupsompsona pachipumi. "Njinga ija ndiyamba kuipukuta," anatero.

Lolemba kunali zii. Yareli anayamba kupuma bwino.

Lachiwiri pobwera kusukulu anapeza amayi ake atavala kale nsapato. "Siya mabuku, tiye. Amalume ako ali kuchipatala chiyambire m'mamawa. Ndulu yatupa."

Anawapeza pabedi la pafupi ndi zenera, botolo la madzi likulendewera pamwamba, nkhope ili mbuu, milomo itauma. Ankapuma mosamala ngati mpweya uli ndi minga. Azakhali anaima kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno, maso ofiira. Sanapereke ngakhale moni.

"Consuelo, mufunse mlongo wakoyu zimene anadya kuntchito dzulo. Adokotala akuti wadya mafuta, ambiri. Ine ndikudzuka usikusiku kumuwiritsira nkhuku, iye akupita kukadya zikopa za nkhumba zokazinga ndi anzake a kugalaja!"

"Meche, ndalumbira kale," amalume ananong'ona. "Sindinadye."

"Lumbiranso! Zaka makumi atatu ndili nawe, wayamba kundinamiza ukalamba uno? Opaleshoni ayiimika chifukwa cha iwe. Akuti mpaka kutupa kuchepe. Ukanafa mumsewu muja ndikanauza chiyani ana ako?"

"Ndinadya zimene unandipatsa iwe. Nkhuku, ndi chimanga cha mwanayu. M'mawa, masana, madzulo."

"Usamulowetsemo mwana! Ndi yekhayu amene anakuganizira."

Amalume anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana Yareli, nayesa kumwetulira. "Ayi, sindikumunena. Chakudya chako chilibe mlandu, mama. Mwina ndi thupi langali basi."

Yareli anayang'ana pansi. Pafupi ndi mpando panali chikwama cha azakhali, chotsegula, ndipo m'katimo munkaoneka kontena lija, ng'ombe ili kumuyang'ana. Anamva ngati wodi yonse, ndi odwala a mabedi ena omwe, akuona zimene zili m'mutu mwake.

"Munali kirimu."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri, moti amayi ake anafunsa, "Wati chiyani?"

"Munali kirimu, makontena awiri. Ndi mayonezi, ndi batala, ndi tchizi yachikasu. Choyamba chinakanika, chinasanduka madzi. Ndinaopa kuti mundiseka." Anayang'ana azakhali. "Amalume sananame. Ndanama ndine."

Kubedi lina munthu anatsokomola. Yareli ankadikira kuti azakhali akuwe, ndipo zikanamupepukira akanakuwa. Koma iwo anawerama, natulutsa kontena lija, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakufunsa pathebulo," anatero motsitsa. "Ndinakufunsanso kukhitchini. Unagwira kontena ili, ine ndikupakula. Ndiye dzulo ndimamukakamiza kuti amalize, lisawonongeke." Analiika pabedi. Kenako anagwira phazi la amuna awo pamwamba pa bulangeti. "Fidencio, ndakutukwana pachabe."

"Si koyamba," amalume anatero. Koma sanaseke, ndipo sanayang'anenso kwa Yareli. Anayang'ana kuzenera.

"Pita kwanu," azakhali anamuuza. "Misoziyo ukalirire kunja. Muno muli odwala."

M'basi, atadutsa msika, amayi ake anati, osamuyang'ana, "Ukanabweretsa madzi ako achikasuwo, tikanaseka, azakhali ako akananena zawo, pofika Lachitatu tonse titaiwala."

Lachitatu madzulo Yareli anatenga pepala la kusukulu lija. Anayala nsalu yoyera pasefa, nathira yogati yopanda mafuta, n'kukhala pampando kuyang'ana madzi akudontha. Maola awiri ndi aatali ukamawadikira. Anawotcha chimanga pachiwaya chouma mpaka chitachita timawanga takuda, nagaya theka, natsitsa moto. Chinatuluka cholimba ngati njerwa, poti anachisiya nthawi yaitali. Lachinayi chinachuluka ndimu. Lachisanu chinagwirana bwino, chofewa, chonunkhira utsi wa chiwaya ndi tsabola.

Amayi ake analawa. "Sichikufika pa chabodza chija," anatero. Anatapanso. "Koma chikudyeka."

Tsiku lomwelo sukulu inatsekera tchuthi cha masabata awiri, ndipo amalume anatulutsidwa m'chipatala. Opaleshoni anaiika pakatha masabata atatu. Azakhali ankasoka mathalauza kufakitale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ana awo onse anali kutali. Masana panalibe wowaphikira amalume. Yareli anamva amayi ake akukambirana zimenezi pafoni.

Loweruka m'mawa amayi anamupeza kuchipinda, chikwama chili pabedi. Munali madiresi awiri, mswachi, nsalu yoyera ija, sefa, ndi pepala la kusukulu lothimbirira ndi tsabola.

"Ukupita kuti?"

"Ku Ajalpan. Ndikawaphikire amalume mpaka sukulu itsegulire."

"Akuitana?"

"Ayi."

Amayi anakhala pamphepete pa bedi. "Ndiye tenga cha dzulo chija, chili m'firiji. Usafike chimanjamanja."

"Sangadye chimene sanaone ndikuphika. Inenso sindikanadya." Yareli anakoka jumbo imene inali pansi, nayamba kulongedza: chimanga chisanu ndi chimodzi chili m'makoko ake, mandimu, tsabola, panela ili m'pepala la kusitolo, yogati yosatsegula. "Ndikatsegula chilichonse azakhali akuona. Akafuna awerenge okha zolembedwa pakontena, afananize ndi pepala la adokotala."

"Ukuwadziwa azakhali ako. Akhoza kukubweza pakhomo."

"Basi zimayenda mpaka madzulo. Ndibwerera, mawa ndipitanso."

"Nanga amalume ako akapanda kukuyankhula?"

Yareli anaima, chimanga chili m'manja. Funso limeneli ndi limene linamulasa. "Adye kaye," anatero. "Zoyankhula zibwera pambuyo, kapena ayi."

Amayi anamuyang'ana kanthawi, kenako anadzuka kukamutengera juzi, poti m'mawa kumazizira.

Yareli anapita kukhitchini. Pa sinki panali makontena atatu a yogati, a Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, otsukidwa, atauma. Anawalowetsana, namanga zivundikiro zake ndi mphira, n'kuwaika pamwamba penipeni m'chikwama. Kenako anatseka zipi.