Kiyi wa Nyumba ya ku Manjawira

"Ine Kizito sindidzakhala mkamwini wa munthu! Ndikamanga, ndimamanga pamalo anga. Mkazi amene ndidzamukonde adzangolandira kiyi m'manja n'kulowa ngati bwana!"

Komatu Dailes anali atangomufunsa dzina basi.

Apa panali pa ofesi ya khonsolo pa Ntcheu boma, pathebulo la Dailes, mtsikana wolandira alendo. Mwamunayo anaima mapulani ali m'khwapa atakulungidwa ngati mphasa, nsapato zikuwala ngati zanyambitidwa ndi mphaka.

Chaka chimenecho khonsolo inkafuna kumangitsa nyumba za mtengo wapakatikati, za aphunzitsi, anamwino ndi ena onse amene malipiro awo amafika ali otopa kale. Lamulo linali lakuti pasapezeke njerwa yowotcha ndi imodzi yomwe, poti mapiri a Ntcheu anametedwa kale mpala. Womanga aliyense amayenera kupereka pulani yake, kenako kuonetsa nyumba yachitsanzo. Komiti ya makhansala ndi injiniya ikayendera nyumbazo, ndiye isankhe womupatsa ntchito.

Dailes analandira mapulani aja osamwetulira. Mtima wake unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali mu minibasi: unalipo, koma unachita dzanzi. Mnyamata wake woyamba anapita ku Joni kukafuna ndalama za ukwati, ndipo ukwatiwo anachitadi, koma ndi wina.

"Mapulani talandira. Mukhoza kumapita," anatero Dailes.

"Ndipite bwanji mtima wanga mwaulandirira limodzi ndi mapulaniwo? Dindaniponi chidindo, achemwali, usasochere!"

Dailes anayesetsa kulimbitsa nkhope, koma kaphwete kanamupulumuka. Atsikana inu, mwamuna akakuseketsani tsiku loyamba, gwirani chikwama, gwiraninso mtima!

Dailes asanaweruke n'komwe, foni yake inalira: uthenga wa Kizito. Nambala anaitenga kwa ndani? Mpaka lero sizikudziwika.

"Duwa langa la ku Tsangano, wadya? Ine chakudya chikukana, maso ako andikhutitsa."

Mawa lake wina: "Dalingi, njerwa zanga sindiwotcha, koma iwe wandiwotcha!"

Mkuja wake winanso: "Mayi wa kunyumba, khomo la nyumba yathu tipake penti wanji?"

Dailes anauwerenga kangapo uthenga umenewo. Yathu? Anayankha mawu amodzi okha: "Wobiriwira."

Kuyambira pamenepo anayamba kumakumana pachiwaya cha pafupi ndi depoti, akudya tchipisi m'mbale imodzi, akabaza akuwaimbira mluzu. Kizito akayamba za nyumba yake yachitsanzo ya ku Manjawira sankapuma.

"Njerwa zake n'zadothi ndi kasimenti pang'ono, zopanikiza pamakina. Mtengo sindinadule ndi umodzi womwe! Padenga pali sola, kumbuyo thanki ya madzi amvula. Kunja kutenthe bwanji, m'kati mwake zii, ngati kwanu ku Tsangano."

"Nanga malowo?"

"Anga! Ndinagula ndekha. Ndinakuuza tsiku loyamba lija, ine si womanga pakhomo pa apongozi."

Nthawi zina Kizito ankafunsako tina ndi tina. Kodi wapampando wa komiti amakonda nyumba yotani? Nanga injiniya uja amayang'ana chiyani kwenikweni? Dailes ankayankha zimene anazimva podutsa ndi tiyi: wapampando amakonda khonde lalikulu, injiniya amakanda khoma ndi msomali. Kodi munthu ungamubisire zotere mwamuna amene akukumangira nyumba?

Tsiku lina, tchipisi chitatha, Kizito anapukuta zala, napisa m'thumba la jekete. Anatulutsa kiyi wamng'ono womangidwa ku ulusi wofiira, namuveka Dailes m'khosi, pomwepo pachiwaya.

"Wapamtima, kiyi uyu alibe mnzake padziko lonse. Komiti ikangovomera pulani yanga, ankhoswe anga ulendo wa ku Tsangano. Khomo lobiriwira lija adzatsegule ndiwe, osati wina."

"Kizi, usandinamize. Ndinanamizidwapo kale ine."

"Ndikakunamiza, mphenzi indipeze m'chilimwe!"

Dzanzi lija linayamba kutha. Mwendo wadzanzi ukamadzuka mumadziwa mmene umabayira; Dailes anayenda sabata yonse akubayidwa chomwecho, akusekerera yekha ngati wopenga. Anatsegula pulani ija, naona kukula kwa mazenera, nagula nsalu ya maluwa achikasu, telala n'kumusokera makatani.

Koma panali tinthu tina. Loweruka ndi Lamulungu foni ya Kizito inkakhala yozima. "Netiweki ya ku Manjawira, bebi, imakwera mumtengo." Dailes akati apite akaione nyumbayo, yankho linali limodzimodzi: "Mkwatibwi salowa m'nyumba isanathe. Ukufuna undilande mwayi woona nkhope yako tsiku loyamba?"

Maness, mnzake amene ankalembera komiti ija zokambirana, anamuchenjezapo.

"Asisi, mwamuna wozima foni Loweruka ameneyo, Lamulungu amakhala pabenchi la banja kutchalitchi."

"Nsanje basi iwe."

"Chabwino. Koma kiyiyo munamuyesapo?"

Tsiku loti komiti iyendere nyumba litafika, mwana wa Maness anadzuka ndi malungo. Abwana anasuzumira pathebulo la Dailes.

"Mayi, tengani cholembera. Lero mupita ndinu."

Dailes anatsala pang'ono kuvina. Amuuze Kizito? Ayi! Naye aone nkhope ya mnzake lero. Anapinda makatani aja, nawaika pansi pa chikwama.

Nyumba yoyamba imene anayendera, injiniya anangokanda khoma ndi msomali wake, njerwa yowotcha n'kusuzumira pansi pa pulasitala, yofiira psuu. Yachiwiri inali yokongola, koma mtengo wake wapampando atamva anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. "Iyi mphunzitsi angalowemo pokhapokha akudzasesa," anatero.

Dzuwa litapendeka, galimoto inasiya tala pa Manjawira n'kulowa kanjira kafumbi.

Nyumba inalipodi!

Inaima pakati pa mitengo ya mango, makoma ake ofiirira, khonde lalikulu, sola padenga, thanki kumbuyo. Ndipo khomo? Lobiriwira! Dailes anagwira kiyi uja pachifuwa, maso atadzaza misozi. Maness uja akanakhalapo bwenzi atanena chiyani?

Kizito anatulukira kuseri kwa nyumba atavala suti yotuwa, manja atatambasula. Ataona Dailes akutsika m'galimoto, manja aja anatsika okha pang'onopang'ono, ngati mbendera madzulo.

"Takulandirani, mabwana," anatero. Kenako kwa Dailes, osamuyang'ana: "Ndi inunso, mayi."

Mayi? Duwa la ku Tsangano lasanduka mayi? Dailes anadziuza kuti n'chifukwa cha anthu. Pantchito ndi pantchito.

Pakamwa pa Kizito sipanachedwe kubwerera m'malo. Anafotokoza za dothi, za makina, za mitengo imene yapulumuka. Injiniya anakanda khoma, msomali n'kupindika. Wapampando anayenda pakhonde uku ndi uku akugwedeza mutu ngati akumva nyimbo yakwawo.

"Kunja takhuta nako," anatero wapampando. "Titsegulireni tione m'kati."

Pakhomo panali loko. Kizito anagwira thumba lakumanja, lakumanzere, lam'kati. Dailes anadikira kuti amuyang'ane, amutsinzinire diso, anene kuti kiyi ali ndi mwini wake. Dzanja lake linali kale pa ulusi uja.

Apo m'pamene mayi wina wachikulire anatulukira m'kanjira ka kuchigwa, khasu lili paphewa, miyendo ili matope okhaokha.

Kizito atangomuona anachoka panjira msangamsanga, nakalowa m'tchire la m'mbali, nanjuta pansi ndi suti yake yomweyo, nkhope atalozetsa kumbali, manja ali pamodzi.

Palibe anafunsa kanthu. Aliyense wobadwira ku Ntcheu amadziwa kuti mwamuna wamkulu, wandevu zake, amathawa njira chotero chifukwa cha munthu mmodzi yekha.

Dailes anamva kuzizira kukukwera kuchokera kumapazi. Sikunali kuwawa ayi. Linali dzanzi lija, likubwerera pamalo pake ngati mwini nyumba.

Mayi uja anatula khasu, nawomba m'manja kulonjera alendo. Kumene kunali Kizito sanayang'aneko n'komwe.

"Ndamva galimoto ndili kumunda. Takulandirani pakhomo pathu pano."

"Zikomo, amayi," anatero wapampando. "Mwatithandiza, tikanakufunani ndithu. Komiti imafuna kudziwa kuti malo alibe mkangano. Malo ano ndi a ndani?"

"Ndi a makolo anga. Ndinamugawira mwana wanga Janeti. Nyumbayi amanga ndi amuna ake, bambo a Fanizo. Pa akamwini anga onse, awa ndiye amanja. Pakamwa pokha ndiye pamathamanga."

Makhansala anaseka. M'tchire muja munangomveka kutsokomola pang'ono.

"Lembani, mayi," anatero wapampando. "Malo ndi a apongozi, mkangano palibe."

Dailes analemba. Analemba bwinobwino, zilembo zoongoka ngati za mwana wakhama m'kalasi. Janeti. Fanizo. Ankadikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere. Ankadikira kuti akwiye, koma mkwiyo nawo unali utatsalira pa tala paja.

"Nanga kiyi?" anafunsa injiniya.

Mayi uja anayankha akuyang'ana mtengo wa mango, monga amachitira apongozi polankhula ndi mkamwini. "Awuzeni bambo a Fanizo kuti kiyi ali ndi akazi awo kudimba la mpunga. Anamumangirira pansonga ya chitenje m'mawa. Athamange, alendo asade nawo kuno."

Kizito anadzuka, mawondo a suti ali ndi chisoso. Anaponya phazi limodzi kuloza kuchigwa.

"Musavutike," anatero Dailes. "Kiyi ndili naye."

Chinamulankhulitsa n'chiyani? Nayenso sakudziwa. Mwina ankangofuna kuti pa zonse zija, tchipisi, maluwa a ku Tsangano, mphenzi ya m'chilimwe, papezeke kanthu kamodzi kokha koona. Malo si ake, chabwino. Mkazi alipo, chabwino. Koma kiyi yekhayu?

"Dailes," Kizito ananong'ona. "Dalingi, chonde. Ndikufotokozera."

Dailes anavula ulusi uja m'khosi, nakwera pakhonde, makhansala akumupatsa njira mwakachetechete. Anagwira loko wa khomo lobiriwira lija. Anayesa kulowetsa kiyi. Anakana. Anamutembenuza. Anakananso. Ngakhale nsonga yokha sinalowe.

"Tabwera naye kuno mwanawe," anatero mayi uja.

Analandira kiyiyo, namuyandikitsa kumaso, naupotokola ulusi wofiira uja ndi zala zamatope.

"Ha! Mfundo iyi ndinamanga ndine! Ameneyutu ndi kiyi wa khola la mbuzi zanga. Chisowereni, khomo lake silitseguka, mbuzi timazitulutsira pachibowo cha kumbuyo ngati akuba. Fanizo ndinamukwapula ine, mwana wosalakwa!"

Palibe anaseka tsopano. Wapampando anayang'ana Kizito, nayang'ana Dailes, kenako nayang'ana nsapato zake.

Mayi uja sanadikire yankho. Anadutsa pabwalo, napita kukhola la mitengo lomwe linali kuseri kwa thanki ya madzi amvula. Komiti yonse inamutsatira ndi maso. Dailes anaima pakhonde lalikulu lija, chikwama cha makatani chikumulemera paphewa.

Kiyi analowa mosavuta, ngati ankadikirira tsiku limeneli. Loko anati kwatcha!

Khomo linatseguka, ndipo tonde wamkulu wandevu, wonunkha, anatuluka mwaufumu, nadutsa pafupi ndi Kizito, nadzaima kutsogolo kwa Dailes akubzikula.

"Mulungu akudalitse mwanawe," anatero mayi uja akupukuta kiyi wake pachitenje. "Koma tandiuza, unamutola kuti?"