Della ndi Chitsamba Choyenda

Della anali kamtsikana kamakani. Akati ndichita, ankachitadi. Chimene ankafuna chinali chimodzi. Ankafuna kusamuka ndi chitsamba.

Nkhani yake inayamba chonchi. Tsiku lina Ababa anati, "Munda uno tagulitsa. Masamba a mitengo akafiira, tisamukira ku tauni ya Akron."

Kuyambira tsiku limenelo, Ababa analeka kuimba likhweru. Pakhomo panangoti zii. Della anamva chisoni.

Kuseri kwa khola kunali chitsamba cha rasipiberi. Chinali ndi minga yambiri. Chinkabereka timabulosi takuda, totsekemera. Ababa anakula akudya timabulosi timeneti. Tsopano ankangoima pafupi nacho, manja ali m'thumba.

"Ababa, chitsambachi tipita nacho," anatero Della.

"Ayi, mwanangu. Chitsamba sichisamuka. Chilibe miyendo."

"Tipita nacho basi."

Della anatenga fosholo. Anakumba. Anakumbanso. Minga inamulasa m'manja. Chitsamba sichinasunthe.

Mchimwene wake Wendell anaseka. "Iwe Della, uchibereka kumsana?"

"Sekani, achimwene. Ine ndiyesanso."

Della anadula nthambi imodzi. Anaiika m'botolo la madzi. M'mawa masamba onse anali atafota.

"Nthambi yako yagona tulo," anatero Wendell. "Ndibweretse bulangete?"

"Sekani, achimwene. Ine ndiyesanso."

Della anathamangira kuchitsamba. Phazi lake linakodwa. Anagwa pansi, khu!

Chinamukola n'chiyani? Inali nthambi yopindika ngati uta. Nsonga yake inali italowa m'dothi. Phazi la Della linaizula. Kunsongako kunali timizu toyera, toduka.

Della anaiwala bondo lopweteka.

"Achimwene! Bwerani mudzaone! Chili ndi miyendo!"

"Chiyani?"

"Chitsambachi chimayenda! Nthambi imawerama. Imaponda pansi. Pamene yapondapo, imamera mizu!"

Wendell anayang'ana timizu tija. Ulendo uno sanaseke.

Della anatenga jombo yake yakale. Inali yofiira, yobooka pansi. Anaidzaza dothi. Anaweramitsa nthambi ina yaitali. Anakwirira nsonga yake m'jombo. Anathirira madzi.

"Ponda apa," anaiuza nthambiyo.

Mphepo inaomba. Nthambi inazuka, n'kubwerera m'mwamba.

Della anaikwiriranso. Anaikapo mwala.

Galu wawo Buster anabwera. Ananunkhiza jombo. Anaigubuduza. Dothi lonse linatayika.

Della anakwiya. Misozi inalengeza. Koma kugonja, ayi.

"Amayi, ndibwerekeni pini ya tsitsi."

"Tsitsi lakolo lalifupi chonchi?"

"Si ya ine. Ndi ya chitsamba."

"Ha! Chitsamba chikupita ku ukwati?" Amayi anaseka. Anazula pini m'mutu mwawo, n'kumupatsa.

Della anakumba kadzenje. Anaimika jombo m'menemo. Anakwirira nsonga ya nthambi. Anaipana ndi pini. Wendell anabwera ndi timitengo. Anamanga kampanda koletsa Buster.

"Usaganize kuti ndikukuthandiza," anatero Wendell. "Ndikungomvera chisoni jombo."

Tsiku lililonse Della ankathirira. Tsiku lililonse ankati, "Ponda apa."

Masamba a mitengo anafiira. Lole inafika. Anthu anakweza mipando, mabedi ndi mapoto. Della anathamangira kuseri kwa khola. Anakoka nsonga ija pang'ono.

Inakana!

Anakokanso. Inakanabe. Mizu inali itagwira.

Wendell anadula nthambi ndi mpeni. Della anafukula jombo. Anaifungata pamiyendo ulendo wonse.

Ababa anayang'ana jombo. Anapukusa mutu. "Ku Akron kumazizira, mwanangu. Usadzalire kamtengoka kakafa."

"Sikafa, Ababa."

Nyumba yatsopano inali ndi kabwalo kakang'ono. Della anadzala kamtengo kake pafupi ndi mpanda. Anakafunditsa masamba ouma. Chipale chofewa chinagwa. Chinakwirira zonse. Della ankasuzumira pawindo. Ankaona zoyera zokhazokha.

Kenako kunayamba kufunda. Chipale chinasungunuka. Pafupi ndi mpanda panatuluka katsamba kobiriwira.

"Kadzuka! Kadzuka!" Della anavina pabwalo.

Chaka chimenecho chitsamba chinangokula. Sichinabereke.

"Chitsamba chako n'chaulesi," anatero Wendell.

"Sekani, achimwene. Ine ndidikira."

Chaka chinacho chinachita maluwa oyera. Maluwa anayoyoka. Panabwera timabulosi tobiriwira. Kenako tinafiira.

Wendell anathyola kofiira. Anaponya m'kamwa. Nkhope inachita makwinya. "Mayo! Kuwawasa!"

"Dyera, achimwene! Dikirani tide."

Ndipo tinada. Tinada bii!

Della anathyola modzaza kapu. Ababa anali atangofika kuchokera kuntchito. Anakhala pakhonde, atatopa.

"Ababa, tsekani maso. Tsegulani pakamwa."

Della anawaika kabulosi m'kamwa. Ababa anatafuna. Anatsegula maso. M'maso munali misozi.

"Awa ndi a kwathu," anatero.

"Ndinakuuzani, Ababa. Chili ndi miyendo."

Ababa anadya kena. Anadyanso kena. Amayi anadya. Wendell anadya. Milomo ya onse inada. Zala za onse zinada. Anayang'anana, n'kuphulika kuseka.

Kenako Della anamva chinthu. Linali likhweru! Linkachokera pamilomo yakuda ya Ababa.

Ababa anapita kumpanda akuimba. Anagwira nthambi yaitali. Anaiweramitsa mpaka pansi.

"Amake Della," anaitana, "pini ina ilipo?"