Mivi Yoyera pa Mphambano ya Combeyrat

Loweruka pa 15 Juni 2013, a Firmin Peyrat anadya msanga supu ndi buledi kuti akapente mivi kusanade. Anali ndi zaka 74. Mawa lake kunali ulendo wa pachaka wa kalabu ya njinga ya mudzi wa Marsilloux, m'chigawo cha Creuse, makilomita 62. Lamulo la kalabuyo chiyambire 1961 linali lakuti pa mphambano iliyonse pakhale muvi wa penti pa phula, kuti opalasa asasochere. Ntchitoyi inagwera a Firmin chifukwa panalibenso wina. Mu 1978 kalabuyo inali ndi anthu 58. Chaka chimenechi anali atatsala asanu ndi mmodzi.

Alendo ochokera ku Paris amayamikira misewu imeneyi, amati munthu ukhoza kupalasa ola lathunthu osakumana ndi galimoto. Sanama. Sukulu inatsekedwa mu 1994, malo ophikira buledi mu 2001, ndipo eni magalimotowo ali m'matauni kapena kumanda.

Akazi awo, a Solange, anali atakhala pampando pafupi ndi zenera. Awiriwa anapalasira limodzi njinga kuyambira 1963. Koma matenda oiwala anali atawadya mayiwa. Panali patatha zaka ziwiri asakutchula dzina la amuna awo. Ankangowatcha bambo, mwaulemu, ngati mlendo wodzakonza mpope. Mwana wawo Maryse, wa ku Limoges, anali atanena mwezi wa Epulo kuti mayi akadzangotulukanso okha kamodzi, adzawatenga kukawasiya kunyumba yosungirako okalamba, ndipo sadzamvanso za munthu.

A Firmin anawoloka msewu n'kugogoda kwa a Léonie Chassagne, amene kale anali ndi malo omwera khofi.

"Léonie, undiyang'anireko Solange. Ndibwera isanakwane teni."

"Wayambanso zodetsa msewu wa boma?" anatero a Léonie. "Nkhalamba zisanu ndi imodzi, njira mukuidziwa ngati m'kamwa mwanu, mivi n'njachiyani?"

"Iwe samala maso akowo, asakatseke pa wailesi ya kanema."

"Pita, kamba iwe. Ndili maso."

Chaka chimenecho ulendo unayenera kuyambira pa tchalitchi n'kudutsa pakhomo pa a Firmin penipeni. Choncho muvi woyamba anaupenta pamaso pa geti lawo lomwe, wachikasu, waukulu, woloza kumpoto. Sanaganize kanthu. Anamangirira chitini cha penti kumbuyo kwa njinga n'kunyamuka.

Anabwerako nthawi itapitirira teni ndi mphindi khumi. Geti linali lotsegula. Pampando panalibe munthu. M'shedi munalibe njinga yabuluu ya a Solange. A Léonie anali chilili pamsewu atagwira kukamwa.

"Ndinangotsinzina pang'ono, Firmin. Ndiimbire Maryse?"

"Usayerekeze."

A Firmin anayang'ana pansi, n'kuona muvi wawo uja. Pamenepo ndi pamene anazindikira chimene anachita. A Solange anali ataiwala dzina lawo, dzina la mwana wawo, ngakhale kagwiridwe ka foloko. Koma kwa zaka makumi asanu thupi lawo linaphunzira chinthu chimodzi: ukaona muvi pa phula, kwera njinga uutsatire.

Anayatsa nyali ya njinga n'kuyamba kutsata mivi yawo yomwe. Anadutsa wachiwiri pa mtanda wamwala. Anadutsa wachitatu pa dziwe. Kunali zii. Nyumba za m'mbali mwa msewu zinali zotseka mazenera, zina denga litagwera m'kati. Ng'ombe zinkangopumira kuseri kwa mipanda. Anaitana dzina la akazi awo katatu, kenako analeka, chifukwa anakumbukira kuti mwini dzinalo salidziwanso.

Pa kilomita ya 19 pali mphambano ya Combeyrat. Muvi wawo wachikasu unali pomwepo, woloza kumanzere. Pambali pake panali muvi wina. Woyera. Woloza kumanja.

Anatsika n'kuugwira ndi chala. Penti inali yaiwisi.

Kalabu inasiya penti yoyera mu 1989, ndipo chaka chomwecho inasiya njira ya kumanja, chifukwa kumudzi wa Combeyrat kunali kutatha anthu ndipo msewu unayamba kumera udzu pakati. Kumchira kwa muviwo kunali kadontho. A Firmin anakadziwa. Ndi mmene ankapentera a Aimé Bordas, amene anawasiyira ntchitoyi, ndipo a Bordas anaikidwa m'manda pa 6 Febuluwale 2004, a Firmin atanyamula nawo bokosi. Pakati pa penti yaiwisiyo panadutsa tayala limodzi lopyapyala, n'kusiya kamzere koyera kolowera kumanja.

Anakhotera kumanja.

Mitengo inakumana pamwamba. Mdima unali wa ndiweyani. Mivi yoyera inkaonekera pa nyali, wina pambuyo pa unzake, yonse yonyezimira. Msewu unayamba kukwera. Mawondo awo ankawotcha.

Kenako anamva phokoso kumbuyo. Silinali la galimoto. Linali lija la njinga zambiri zikamayenda pamodzi, matcheni kulira pang'onopang'ono, matayala kunong'ona pa phula. Linkayandikira. Iwo sanacheuke.

"Kumanja, Peyrat, tidutse!"

Opalasa njinga anayamba kuwapitirira awiriawiri, opanda nyali ndi imodzi yomwe. Anavala malaya aubweya obiriwira, amene kalabu inasiya kalekale. Sankapuma mwaphuma ngakhale panali pokwera. Mphepo imene inkachokera pa iwo inali yozizira ngati ya m'chipinda chosungira vinyo. A Firmin anawerenga, poti kuwerenga opalasa chinali chizolowezi chawo. Anafika pa 31. Misana ina anaidziwa.

Wa 32 anali pa njinga yabuluu, atavala diresi la m'nyumba ndi masilipasi.

A Solange anacheuka. Nkhope yawo inali yomweyo yokalamba, koma m'maso munali munthu.

"Iwe Firmin! Wakhala kuti? Ndiye ukupalasa ngati wanyamula thumba la mbatata bwanji?"

A Firmin anatsala pang'ono kugwa.

"Wasiyanso chitseko cha shedi chotsegula, eti? Ndikukudziwa. Maryse waimba? Mwana uja amadya mokwanira ngati?"

"Solange, tiye kunyumba."

"Kunyumba kukatani? Taona kunja kukomaku. Miyendo yanga yabwerera, Firmin. Zonse zabwerera."

Kumanzere kwawo kunafika njinga ina. Anali wotsekera kumbuyo, amene pa ulendo uliwonse amayenda pomalizira kuti pasatsale munthu. Pa chiwongolero chake panalendewera chitini cha penti. Nkhope sinkaoneka pansi pa kapu, koma mawu anali a Aimé Bordas.

"Peyrat, sunalembetse."

"Ndabwera kudzatenga mkazi wanga, Aimé."

"Iyeyu walembetsa. Iwe bwerera, mivi yako yokhotayo ikukudikira. Tikangopitirira pamwamba apo, ine nditseka."

Pamwamba pa chitundacho panali patatsala mamita ngati zana. Kutsogolo kwake msewu umatsetsereka kulowa m'Combeyrat. Oyambirira anali atayamba kale kuzimirira kuseri, ndipo aliyense akapitirira, phokoso la njinga yake linkatha nthawi yomweyo.

A Firmin anaimirira pa mapedulo. Anafika pambali pa njinga yabuluu, natambasula dzanja, n'kugwira chishalo kunsi.

"Firmin, usatero," anatero a Solange, mosakweza mawu. "Ndikudziwa kumene ukundibwezera. Ndimakhalamo ine m'menemo, iwe sudziwa. Ndisiye, mwamuna wanga."

Anamva bwinobwino. Sanganame kuti sanamve. Anagwiritsa, n'kufinya buleki ndi dzanja linalo. Njinga ziwirizo zinakolana, onse n'kugwera mu udzu wa m'mbali. Wotsekera kumbuyo anawadutsa osacheuka. Anakwera pamwamba paja. Kenako kunangoti zii.

Amene anawapeza ndi a Didier Faugeron, woyendetsa lole yotenga mkaka, Lamlungu pa 16 Juni, nthawi ili 5:40 m'mawa. Anaona nyali ya njinga ikuyaka m'njira imene sayendamo munthu, n'kuima. Okalamba awiriwo anali khale mu udzu wonyowa, mamita 30 kuchokera pamwamba pa chitunda. A Firmin anali atathyoka phewa, koma dzanja lawo linali likadali pa chishalo, ndipo a Faugeron anachita kutanyula zala chimodzichimodzi. A Solange analibe bala. Anayang'ana amuna awo n'kufunsa woyendetsa loleyo kuti, "Bambo awa akundigwiriranji njinga?"

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene munthu anawamva kwa iwo.

Ulendo wa chaka chimenecho sunachitike, ndipo sunachitikenso. Maryse anafika masana omwewo. Lachinayi pa 27 Juni anawatenga mayi ake n'kukawasiya kunyumba yosungirako okalamba ku Limoges. Kumeneko akhala zaka, akudyetsedwa ndi supuni, maso ali kukhoma.

Anthu a ku Marsilloux amakamba nkhaniyi motsitsa mawu. Ena amati nkhalamba inagunda mutu pogwa, n'kulota zonsezo. A Faugeron satsutsa, koma amati matayala a lole yawo anafika kunyumba ali ndi penti yoyera, ndipo inawavuta kuchotsa. Ena amati a kalabu akale amabwera chaka chilichonse usiku wa mivi, kudzatenga amene wakonzeka, ndipo kukaniza munthu wotero n'kumulakwira.

A Firmin amapita ku Limoges Lachitatu lililonse pa basi. Amakhala pambali pa bedi maola awiri. Tsiku lina m'nyengo yozizira a Léonie anawadikira potsikira basi, n'kuwauza kuti asamadzizunze, mwamuna aliyense akanachita zomwezo, anapulumutsa mkazi wake.

A Firmin anapukusa mutu.

"Anandipempha, Léonie. Kamodzi kokha m'zaka ziwiri anadziwa chimene akufuna, ndipo anandipempha ine. Panali patangotsala mamita makumi atatu."