Fungo la Kumpando wa Kumbuyo

Fungolo linayamba pobwerera kuchokera ku Nayuchi, dzuwa litangolowa, galimoto isanathe ndi mwezi womwe m'manja mwa Habiba. Silinali la utsi wokhawokha ayi. Linali ngati wina akuwaula ubweya pamoto n'kuthirapo mafuta a nsatsi, ndipo linkachokera kumbuyo, kumene kamwana kake Sumaiya kankakhala katatsamira mitolo ya zitenje.

"Amayi, muno mukununkha."

"Ndi fumbi limenelo, gona."

Koma Habiba ankadziwa kuti fumbi silinunkha choncho.

Habiba anali mayi wa geni. Ankapikula zitenje kumalire ku Nayuchi n'kumakagulitsa ku Balaka kumene ankakhala, ndipo zaka zonse zimene mwamuna wake Yunusu anali ku Joni, iye ankagonera pa siteshoni ndi katundu kudikira sitima. Galimotoyo inali thukuta lake. Koma anthu a kuno, inu! Mwamuna akagula galimoto amati walimbikira, mkazi akagula amati wakhwima.

Atangoigula anapita nayo kumudzi kwawo, kufupi ndi Nsanama, kukaonetsa abale. Kumeneko kunali amjomba ake, a Abdulwahab, mlongo wa malemu mayi ake, mwini mbumba yonse. Ndi iwowo amene anamutemera mphini pamkono ali wakhanda, ziwiri zoima ndi ina yopingasa, monga ankatemera ana onse a pabanjapo. Anaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Chinthu chatsopano sichigona pamtetete," anatero. "Maso a anthu ndi oipa. Isiye mumpanda mwanga muno, ndi makiyi omwe."

Habiba anaseka, nawapatsa, n'kukagona kwa mkulu wake kutsidya kwa dambo.

Fungo litayamba, anapita nayo kwa Japhet, makaniko wa ku Balaka. Unali usana, magalasi onse ali otsegula monga Habiba ankayendera dzuwa likamawala. Japhet analiza injini, nanunkhiza uku ndi uku, n'kukasuzumira kumapeto kwa ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija.

"Mayi, galimoto yatsopano imatero. Ndi penti ikupsa. Lidzatha lokha."

Silinathe. Ulendo wotsatira fungo la ubweya linachepa, m'malo mwake munadzaza utsi wosaoneka ndi maso, wolemera, wokanda kukhosi. Inali nyengo ya chisanu, mphepo ya ku Chilwa ikuluma, ndiye kukada Habiba ankatseka magalasi onse kuti mwana asazizidwe. Msewu wochoka ku Nayuchi ndi wa fumbi ndi mabampu, ndipo usiku sukumana ndi munthu, kupatula nyali ya njinga yamoto patalipatali ndi maso a agalu. Mumdima umenewo ndi mmene anayamba kumva likhweru. Linali laling'ono, lopyapyala, lochokera pansi pa mpando wa kumbuyo. Akaponda moto linkakwera, akachepetsa linkasanduka kupuma, fuu, fuu, ngati munthu wagona chafufumimba pansi pa mwana wake.

Anaima pakati pa tchire, nazimitsa injini. Zii. Nkhululu zokha. Anaunika ndi tochi ya foni, osaona kanthu. Atalizanso injini, chinthu chija chinayambanso kupuma.

Atafika ku Balaka, Sumaiya sanadzuke msanga. Anamugwedeza, namuitana, mwana n'kutsegula maso ofiira, kusanza pakhomo pomwepo.

"Mutu, amayi. Mutu ukuphulika."

Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Mmawa mwake anali akusewera bwinobwino. Ulendo wina zinachitikanso, koma tsopano miyendo inachita kulefuka, mwana osatha kuima. Wosiyira mwana kunyumba Habiba analibe, ndipo geni ikaima ndiye kuti m'nyumba mwalowa njala.

Mphekesera sizichedwa, zimathamanga kuposa galimoto. Pamsika amayi ankanong'onezana kuti mwini woyamba wa galimotoyo anafera momwemo kunja kumene inachokera. Ena ankati ayi, m'galimotomo muli ndondocha imene Habiba amaidyetsa, ndipo imapuma usiku. Koma nkhani imene inamera mizu inali yoipa kuposa zonsezo: ankati Habiba wapereka mwana wake kuti alemere, ndipo galimoto ikumumwa magazi pang'onopang'ono. Mayi wina amene ankagulitsa naye moyandikana anasuntha benchi lake. Ha! Munthu amene ankabwereka mchere kwa Habiba dzulodzuloli.

Nkhani inafika ku Joni. Yunusu anaimba foni, mawu ake ali ozizira.

"Akuti mwana akudwala galimoto. Amjomba ako akuti amutenga akakhale kumudzi. Ine ndavomera."

"Mwavomera? Munabereka ndinu?"

"Habiba, anthu akuyankhula."

"Ayankhule mpaka pakamwa paume. Mwana wanga sapita kulikonse."

Mantha anali nawo, tisanamizane. Usiku ankadzuka kukaika khutu pachifuwa cha Sumaiya, ndipo galimoto ija ankaiyang'ana pazenera ngati galu wachiwewe womangidwa pakhomo. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha. Amjomba atamuitanitsa, sanathawe. Anamukhazika mwana kumpando wa kutsogolo, natsegula magalasi, napita.

Anafika swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, itangotha. Pabwalo panali mbumba yonse, amayi atakhala pamikeka, nyali imodzi ili pakati. Galimoto itaima, anthu anasunthira kumbuyo. A Abdulwahab anakhosomola.

"Mwana wa mlongo wanga, ine sindikufuna zambiri. Sumaiya atsale kuno. Chimene unaika m'galimoto mwakomo n'champhamvu, chagonjetsa ngakhale zotchinga zonse. Ukachichotse kumene unachitenga."

"Amjomba, ndaika chiyani ine?"

"Ukudziwa wekha."

"Iyayi, sindikudziwa. Koma lero tidziwa tonse. Mukuti chimapuma usiku? Usiku ndi uno."

Habiba anamupereka Sumaiya kwa mkulu wake uja, naliza injini, n'kutseka magalasi onse. Kenako anachita chimene sanachitepo chigulireni galimotoyo: analowa kumbuyo, nakhala pamalo pa mwana wake, n'kudzitsekera.

"Habiba, tuluka!" anakuwa mkulu wake. "Chikupha!"

Habiba anangokhazikika pampandopo. M'katimo munali mdima ndi kunjenjemera kwa injini. Kenako chinayamba. Fuu, fuu. Pano sichinali patali ngati mmene ankachimvera ali pachiwongolero, chinali pansi pa ntchafu zake zenizeni. Anamva kampweya kofunda kakumukhudza kuseri kwa mwendo, ngati munthu akumuuzira. Tsitsi linamuimirira. Maso anayamba kuwawa, mutu kulemera, ndipo nkhope za abale kunja kwa galasi zinayamba kusambira. Anaganiza za Sumaiya atakhala pamenepa ulendo wonse wa ku Nayuchi, magalasi otseka ndi dzanja la mayi ake, ndipo mtima unamupweteka koopsa.

"Ngati ndiwe munthu, tionane," anatero, mano ali olumana.

Anagwira khushoni ya mpando ndi manja awiri n'kuizula. Utsi wotentha unamumenya kumaso. Pachitsulo cha pansi panali bowo lokhomedwa ndi tchizulo, m'mbali mwake muli mano, ndipo m'bowomo munadutsa waya wopita pansi.

Anatuluka akutsokomola, nagwada m'fumbi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto ndi tochi yake, chitenje chake chatsopano chikukhuluzika. Kumapeto kwa waya uja kunkalendewera chithumwa cha chikopa cha mbuzi, chopserera mbali imodzi chifukwa chokhudza paipi ya ekizozi. Ndipo papaipipo, pansi penipeni pa bowo lija, panali mabala odulidwa ndi sowo. Mankhwala akuda amene anamatidwapo anali atapsa n'kugwa, mabampu a msewu atang'amba mabalawo, ndipo utsi unkatulukira pamenepo ukuimba likhweru, n'kukwera m'bowo. Habiba anawayang'ana nthawi yaitali. Awiri oima, lina lopingasa.

Anatuluka pang'onopang'ono, nazimitsa injini. Anapita pa nyali ija, napinda dzanja la bulauzi, n'kuonetsa mkono wake.

"Amjomba, mphini izi ananditemera ndani?"

"Ndine. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Nanga galimoto yanga anaitemera ndani?"

Mkulu wake wa Habiba anatenga tochi, nasuzumira kunsi kuja, n'kudzuka atagwira pakamwa. A Abdulwahab anayang'ana uku ndi uku.

"Ndinaitsirika," anatero motsitsa mawu. "Usiku uja. Chilichonse cholowa m'banja muno chimatemeredwa. Ndinasankha pokhala mwana kuti mwanayo ndiye atetezeke. Pamene ankadwala ndimati mankhwala anga agonja ndi ako."

"Anga ati? Ine mankhwala anga ndi miyendo iyi, imene yayenda Nayuchi mpaka zidendene kung'ambika! Mwana wanga wakhala akumwa utsi wa galimoto chifukwa cha bowo lanu, inu muli pano kuuza dziko lonse mpaka ku Joni kuti ndine mfiti."

"Walahi, Mulungu mboni, sindimadziwa."

"Simumadziwa, koma pakamwa simunatseke."

Palibe anamuletsa pamene anamunyamula Sumaiya m'manja mwa mkulu wake. Anamukhazika kutsogolo, namufunditsa zitenje ziwiri zogulitsa, n'kutsegula magalasi onse anayi ngakhale mphepo inali yoluma. Paipiyo ankati akaiwotcheretsa mawa ku Liwonde, bowo n'kulitseka. Asanakwere, anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kutembenukira kwa nkhalamba ija.

"Mumati chithumwa chanu chikuteteza. Kwerani, amjomba. Mukhale apa, titseke magalasi, tikafike limodzi ku Balaka."

A Abdulwahab anayang'ana mdima wa m'galimotomo, ndi bowo lawo lija lili yasa. Sanasunthe phazi.

Habiba anamenyetsa chitseko, naliza injini. Galimoto inatuluka pabwalo, ndipo nyali zake zitazimiririka kuseri kwa mitengo ya mango, abale onse anali akumvabe likhweru lija likupita nalo mumdima. Palibe amene anayang'ana a Abdulwahab kumaso.