Imvi Imodzi Pamwamba pa Khutu

Anakumana pa siteji ya basi tsiku la mvula. Mtsikanayo anali atakumbatira envulopu ya zithunzi za makasitomala ngati mwana wodwala, ndipo mwamuna wina wovala kapusi yabuluu anamufunditsa ambulera osayamba wapempha. Basi itafika, onse awiri anaisiya ipite. Yachiwiri nayonso anangoiyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo mwamunayo ankamutchula kuti Kamvula. Mtsikanayo anabwezera ndi dzina loti Wakapusi, chifukwa kapusi ija sinkachoka kumutu, kaya kutenthe kaya kuzizire.

Kamvula ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumbuyo kwa situdiyo, kukonza zithunzi pa kompyuta. Ojambula ochokera kutali ndi pafupi ankamubweretsera ntchito zawo kuti achotse ziphuphu, asalaze makwinya, awongole tayi yopindika. Anthu ankalowa m'kompyuta yake otopa n'kutuluka ngati sanaonepo mavuto. Wakapusi ankaperekera mankhwala m'mafamase, choncho Loweruka ndi Lamlungu nthawi zambiri ankakhala pa ulendo. Koma pakamwa pokha, ayi ndithu, mwamuna uja anadalitsidwa.

"Kamvula wanga, ukangogwa iwe, mumtima mwanga mumamera msipu," unkatero uthenga wa m'mawa.

Tsiku lina analemba kuti: "Ndidzakumangira nyumba ya mawindo akuluakulu, dzuwa lizikupeza usanadzuke."

Kamvula akawerenga zimenezi, dzanja linkaima pa mausi ya kompyuta, maso n'kupita kutali. Nyumbayo ankaiona yonse. Makatani achikasu akuuluzika, ketulo ikulira kukhitchini, kamwana kakuthamanga m'khonde katavala kapusi ya bambo ake yofika m'mphuno. Ankamva ngakhale fungo la penti. Chimene sichinkaoneka m'malotomo ndi tsiku lenileni. Akafunsa zokaonekera kwa makolo, Wakapusi ankamugwira chibwano n'kunena kuti posachedwa.

Lamlungu lina masana, mng'ono wake akumumasula tsitsi pakhonde, zala zinangoima.

"Achemwali, musandikwiyire. Mwayamba kukula."

Kamvula analanda kagalasi. Kanali katsitsi kamodzi pamwamba pa khutu lamanzere, koyera ngati ulusi wa telala. Mng'ono wakeyo anaseka mpaka kugwira m'mimba, akumuchenjeza kuti asayerekeze kuzula, poti ukazula imodzi zimamera zambiri. Anawonjezanso kuti kuyambira lero aziwapatsa moni atagwada.

Kamvula anayesa kuseka nawo koma mtima unali utamira. Zaka makumi atatu anali atazidutsa kale. Anzake a kusukulu anali akuperekeza ana kusukulu, iye akadali pa posachedwa. Nanga Wakapusi, amene ankati ndi ofanana zaka, akaiona imviyo adzati chiyani? Kodi munthu amamangira nyumba ya mawindo akuluakulu mkazi amene wayamba kuyera kumutu?

Mantha ndi oipa. Anayamba kumanga duku tsiku lililonse, n'kumanena kuti ndi fasho. Chithunzi chilichonse chotumiza kwa Wakapusi chinkayamba chadutsa pa kompyuta. Za tsiku lokaonekera kwa makolo anasiyiratu kufunsa, kuopa kuoneka ngati zaka zikumuthamangitsa. Tsiku lina anangoyesa madzi, kufunsa ngati adzamukondebe akadzakalamba.

"Iwe sudzakalamba, duwa langa. Anthu ngati iwe zaka zimawalambalala."

Mawuwo anamukomera, komanso anamuopsa. Anagwira duku kuona ngati lili m'malo.

Lolemba lina m'mawa kunabwera wojambula wina wamtali, wokonda nthabwala, amene ankachokera kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Anaika fulashi yosungira zithunzi patebulo n'kunena kuti muli ukwati wa Loweruka lapitali, ndipo eni ake akufuna zithunzi msanga.

"Mkwatibwi ndi mwana, safuna zambiri," anatero. "Koma mkwati wandigwira mwendo. Akuti mumudetse tsitsi, asaoneke ngati anabwera kudzaperekeza mwana wake."

Kamvula anaseka, wojambulayo n'kupita kukagula mabatire. Anathira tiyi m'kapu, n'kutsegula zithunzizo. Ntchito za ukwati ankazikonda kwambiri. Kunayamba maluwa, kenako keke, kenako nsapato zoyera zili pa kapeti. Monga mwa chizolowezi chake, anadzilowetsa yekha m'diresi la mkwatibwi. Anamva velo ikumukhudza m'masaya, anamva anthu akuimirira, anayenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo kumene mwamuna wa suti yakuda ankamudikira atatembenuka.

Chithunzi chotsatira mwamunayo anali atayang'ana kamera.

Poyamba sanamuzindikire, poti anali asanamuonepo wopanda kapusi. Koma kumwetulira kunali komwe kuja, kopendekera mbali imodzi. Kampata ka mano kanali komweko. Dzanja limene linkamugwira chibwano linali m'chiuno mwa mtsikana wina wamanyazi, wooneka kuti sukulu wamaliza dzulodzuloli.

Anakuza chithunzicho mpaka mutu unadzaza kompyuta yonse. M'mbali monsemu munali mbee, imvi zokhazokha. Kani kapusi ija inali ndi ntchito yake!

Zinamupweteka kwambiri. Sanakuwe, misozi inkangotsika yokha n'kumagwera pa kiyibodi. Chinamuwawa koposa si ukwatiwo ayi, koma kukumbukira mmene ankadzibisira, mmene ankatukutira m'duku dzuwa likuswa mtengo, kuchita manyazi ndi katsitsi kamodzi pamaso pa munthu amene anabisa mutu wonse ndi mkazi yemwe.

Foni inanjenjemera patebulo.

"Kamvula wanga, ndabwerako ku ulendo. Ndatopa, koma kukusowa ndiye kwandidwalitsa. Tanditumizira kachithunzi ndione dzuwa langa."

Anauwerenga kawiri. Anapukuta m'maso, n'kukoka mpando. Anayamba ndi mkwatibwi. Anamuchotsa kachiphuphu pachipumi, anamuwongolera velo, anamuwalitsa maso mosamala ngati mng'ono wake, chifukwa mwanayo sanamulakwire kanthu, ndipo za mvula ya pa siteji sankazidziwa.

Atafika pa mkwati anasiya mausi. Anamasula duku, nalipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama. Mphepo ya fani inamudutsa m'tsitsi, ndipo anadabwa kuti kumutu kungapepuke chonchi. Kenako anatenga foni, anajambula nkhope imene inali pa kompyutayo, n'kuitumiza ndi mawu ochepa.

"Ndaona kuti ulendo unayenda bwino. Imvizi ndichotse zonse, kapena ndikusiyireko pang'ono zoti akazi ako azikulemekeza nazo?"

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Foni inasonyeza kuti Wakapusi akulemba, kenako anasiya. Anayambanso, n'kusiyanso.

Wojambula uja atabwerako anasuzumira pa kompyuta, nayamikira mkwatibwi, n'kufunsa kuti nanga mkwati bwanji akadali chimodzimodzi.

"Ameneyo mukamupatse choncho," anatero Kamvula, akuzula fulashi. "Akazi ake amuone mmene alili. Ine ndinachedwa kumuona."